Kalata yotseguka kwa Ambuye Episikopi, Bambo Mfumu ndi a khonsolo ya parishi: musatsitse zithunzi za ana zija musanakhale nawo pansi

Ambuye Episikopi, Bambo Mfumu, asisitere, ndi inu nonse a khonsolo ya parishi,

Landirani moni mwa Ambuye wathu Yesu Khristu. Ine ndine mayi wa ana atatu, komanso ndimathandizira kuphunzitsa katekisimu ana amene akukonzekera kulandira Ukaristia koyamba. Ndasankha kulemba poyera chonchi chifukwa nkhani yomwe yandikhala pamtima si ya parishi yathu yokha ayi, ndikukhulupirira kuti kulikonse komwe ana achikatolika apatsidwa pepala ndi makrayoni nkuuzidwa kuti jambulani mmene mpingo wanu umakutetezerani, zomwe ndaona ine zikuonekanso komweko.

Ndiyambe ndi kuthokoza, ndipo sikuti ndikungotsata mwambo wa kalata. Ife pa ubwana wathu palibe amene anatifunsapo funso ngati limeneli, mwana kutchalitchi ntchito yake inali kukhala phee kutsogolo, kuimba ikakwana nthawi yoimba, kugwada ikakwana nthawi yogwada, ukangosuntha pang'ono basi diso la wamkulu lili pa iwe. Nde tsiku lomwe munalengeza kuti ana ajambule zomwe zimawapangitsa kumva kuti ali pabwino mu mpingo, mtima wanga unasangalala zedi, ndipo ndinali mmodzi wa amene anagawa mapepala aja. Ndinakhala nawo pansi pa simenti kuyambira pomwe amalimbirana krayoni yofiira mpaka womaliza atabweretsa pepala lake litakwinyikakwinyika. Chifukwa choti ndinali pompo ndinamva zomwe anawo amayankhula uku akujambula, ndipo mawu amenewo sanafike nawo pa bolodi pomwe zithunzizo zapachikidwa panopa.

Ambiri anajambula tchalitchi ndithu, mtanda pamwamba, dzuwa pakona ya pepala monga amachitira ana onse. Koma inu mukadzaimanso pa bolodi paja mudzayang'ane zitseko. Zithunzi zambiri chitseko chake ndi chotsegula. Kamtsikana kena kanajambula chitseko chachikulu kuposa tchalitchi chenichenicho, nditakafunsa kuti bwanji chitseko chakula chonchi kanangoti, kuti amayi azindiona ali panja. Mnyamata wina wotumikira ku guwa anajambula sakristiya, chipinda chovalira ansembe ndi otumikira, muli anyamata anayi akuvala mikanjo yawo, anati pamakoma tikakhala ambiri. Wina sanajambule tchalitchi nkomwe, anajambula agogo ena amene amasesa Loweruka, tsache lili mmanja, chifukwa choti agogowo amamudziwa dzina lake ndipo tsiku lina makolo atachedwa kudzamutenga anakhala naye pakhonde mpaka anafika. Analipo amene anajambula Amayi Maria atafunditsa ana nsalu yawo ya buluu, ana ake ambirimbiri mpaka ena miyendo yokha ndi imene ikuoneka. Analiponso amene anajambula kwaya, pakamwa pa aliyense pali yasa.

Ine sindinaphunzire za kaganizidwe ka ana ku yunivesite, koma nditabwerera kunyumba ndinakhala ndikuziganizira ndipo ndinaona kuti anawa atiuza zinthu zomveka bwino kwambiri. Kwa iwo kutetezeka ndi kuoneka, osabisika kuseri kwa chitseko. Ndi kukhala ndi anzawo osati wekha ndi wamkulu. Ndi kudziwidwa dzina ndi munthu amene sakalipa, amene sakusiya wekha kukada. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anajambula chikalata cha malamulo a chitetezo cha ana chomwe chinamatidwa pakhomo la ofesi, komatu zomwe zalembedwa mu chikalatacho ndi zomwezi zomwe iwo ajambula ndi krayoni, kuti wamkulu asamakhale yekha ndi mwana mchipinda chotseka, kuti pazikhala akuluakulu awiri, kuti mwana asamasiyidwe popanda womuyang'anira. Ana afika pa mfundo zomwezo popanda kupita ku semina iliyonse.

Tsono chomwe chandilembetsa kalatayi ndi zomwe zinachitika pambuyo pake. Zithunzi zinasankhidwa, zokongola kwambiri zinapita pamwamba, eni ake anaitanidwa kutsogolo nkuomberedwa mmanja ndi kulandira mphatso, kenako zinajambulidwa pa foni nkuikidwa pa Facebook, mwana atanyamula pepala lake nkhope ili poyera, dzina lake lalembedwa pansi, pamwamba pali mawu oti ana athu akuti ndi otetezeka mu mpingo wawo. Anthu anayamikira, ma like anachuluka. Ine ndinamva kuwawa mumtima, ndipo ndikupemphani mundimvetse bwino chifukwa sindikunyoza amene anakonza zimenezi, ndi anthu a mtima wabwino ndipo ndimagwira nawo ntchito. Koma tinatenga mawu a ana nkuwasandutsa satifiketi yodzipatsa tokha. Tinawafunsa funso lomwe yankho lake linali limodzi lokha. Mwana ukamuuza kuti jambula mmene umamvera kuti uli pabwino kutchalitchi, iye amene samva choncho ajambula chiyani? Ndipo ukaonjezera mphatso pamwamba, mwana aliyense wochenjera amadziwa chithunzi chomwe chimawina, ndi chija chili ndi dzuwa ndi anthu omwetulira.

Ndikuuzeni za mnyamata mmodzi, sinditchula dzina kapena msinkhu wake. Anzake onse ali kalikiliki iye anangokhala, pepala lili loyera, krayoni akungoizunguza mmanja. Nthawi itatsala pang'ono kutha anasuzumira pepala la mnzake nkukopera tchalitchi chomwecho, dzuwa lomwelo. Chithunzi chake chili pa bolodi paja panopa ndipo mukachiona simungadziwe kanthu. Ine ndinangoti ndikhale naye pafupi pomwe timatolera makrayoni, sindinamufunse zambiri, ndinangoti lero kujambula kunavuta eti? Anakhala kaye chete, kenako anandiuza kuti anyamata ena akuluakulu amamudikirira kuseri kwa holo nkumulanda ndalama yomwe amayi ake amamupatsa ya chopereka, ndipo anamuuza kuti akadzangonena adzaona. Wakhala akubwera ku Misa mwamantha kwa miyezi. Ndinauza mayi ake komanso amene amayang'anira gulu la ana, nkhaniyo inakonzedwa. Mwina wina anena kuti aaa imeneyo ndi nkhani yaing'ono, za ana okhaokha. Kwa iyeyo sinali yaing'ono, ndipo chomwe chimandisowetsa tulo ndi choti inatuluka mwamwayi chabe, chifukwa choti ndinakhala pafupi ndi pepala loyera lija. Nanga ikanakhala nkhani yoopsa kuposa apa, ikanatulukira pati? Pa purogalamu yonse ija panalibe malo a mwana amene yankho lake ndi ayi.

Mudzaonenso malo amene sanajambulidwe ndi mwana aliyense. Zimbudzi zomwe zili kuseri kutali ndi anthu palibe. Njira yobwerera kunyumba kwaya ikaweruka mochedwa palibe. Maulendo opita kukagona kwina pa misonkhano ya achinyamata palibe. Sindikunena kuti malo amenewa kwachitika choipa, ayi ndithu, ndipo ndikukana kuti wina atenge kalatayi nkuyamba kuloza anthu zala. Ndikungonena kuti sitinafunse, nde sitikudziwa.

Pali kusiyana pakati pa kumva kuti ndine wotetezeka ndi kukhaladi wotetezeka, ndipo apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri timapusitsikira. Munthu amene akufuna kuchitira mwana nkhanza zogonana nthawi zambiri sabwera ndi nkhope yoopsa. Kawirikawiri amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa, amene makolo amamukhulupirira, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kupangitsa mwanayo kumva kuti ali pabwino akakhala naye. Amayamba ndi timphatso, kumuyamikira kuposa anzake, kumutuma tintchito tapadera, kumuperekeza pa galimoto, mauthenga a pa WhatsApp usiku, kenako tizinsinsi tating'onoting'ono tosaoneka kuipa, kuti aone ngati mwanayu amasunga chinsinsi. Amanyengerera ndi banja lomwe, mpaka makolo nkumati munthu uyu ndi mdalitso kwa ife. Mwana amene ali pakati pa zimenezi ukamupatsa krayoni kuti jambula munthu amene umamva bwino ukakhala naye, atha kujambula munthu yemweyo, akumwetulira. Ndi chifukwa chake chithunzi chokongola sichingakhale umboni woti zonse zili bwino. Ndi poyambira kucheza basi.

Ku Australia boma linakhazikitsa bungwe lalikulu lofufuza nkhanza zogonana zochitikira ana mmasukulu, mmipingo ndi mmalo ena osamalira ana, linagwira ntchito kuyambira 2013 mpaka 2017 ndipo mpingo wathu unatchulidwa kwambiri mu zomwe linapeza. Mwa anthu amene anakafotokoza zomwe zinawachitikira ali ana, linapeza kuti pa avereji zinawatengera zaka pafupifupi 24 kuti auze munthu wina. Zaka 24, Ambuye. Ndiye kuti mwana wa zaka 9 amene ali mkalasi mwanga lero akanadzayankhula ali bambo kapena mayi wa zaka za mma 30. Nthawi yonseyo amabwera ku Misa, amaimba, amalandira masakramenti, ndipo akanapatsidwa pepala mwina akanajambula dzuwa ngati anzake. Anthu amenewa sanakhale chete chifukwa chosowa mawu okha, ambiri amaopa kuti palibe amene awakhulupirire, makamaka ngati wowalakwirayo ndi munthu wolemekezeka mu mpingo.

Ndikudziwa kuti inu mukuzidziwa bwino kuposa ine zomwe mpingo wachita pa nkhaniyi, koma ndizitchule kuti makolo anzanga amene akuwerenga adziwe kuti zomwe tikupempha si zachilendo kapena zobwera ndi adani a mpingo. Papa Francis anakhazikitsa komiti ya upapa yoteteza ana mu 2014, ndipo anaika Kadinala Seán O'Malley wa ku Boston kuti aitsogolere. Mu February 2019 anaitanitsa ku Vatican atsogoleri a mabungwe a maepisikopi a dziko lonse lapansi kudzakambirana nkhani imeneyi yokha. Chaka chomwecho mu May anatulutsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi, lomwe linalamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yokhazikika, yodziwika kwa anthu komanso yosavuta kuifikira yoperekera madandaulo a nkhanza, kuti ansembe ndi a mzipani za mpingo monga asisitere akadziwa za nkhanza ayenera kunena kwa akuluakulu a mpingo, komanso kuti munthu amene wanena asatsekedwe pakamwa kapena kulangidwa. Lamuloli linalimbikitsidwa ndi kukhazikitsidwa kotheratu mu 2023. Mu December 2019 Papayo anachotsa chinsinsi cha upapa, lamulo losunga nkhani zina za mpingo mwachinsinsi, pa milandu ya nkhanza kwa ana. Ndipo kuyambira pa 8 December 2021 gawo la zilango mu malamulo a mpingo linasinthidwa, nkhanza kwa ana zinaikidwa pa milandu yolakwira moyo, ulemu ndi ufulu wa munthu, ndipo zilango zake zimakhudzanso akhristu eni ake amene ali ndi udindo mu mpingo, kutanthauza kuti ngakhale ife ophunzitsa katekisimu tili momwemo, ndipo nkoyenera kutero.

Zonsezi ndi zabwino ndipo ndimazinyadira. Koma mawu oti yosavuta kuifikira aja ine ndimawayesa ndi msinkhu wa mwana. Kodi mwana wa zaka 8 mu parishi yathu akudziwa kuti wina akamukhudza mosayenera apite kwa ndani? Akumudziwa nkhope? Ndinayesa kufunsa mkalasi mwanga, ena anati kwa amayi, ena anati kwa Bambo Mfumu, ambiri anangoyang'anana. Nambala ya foni yolembedwa pa pepala lomatidwa pamwamba pa khoma, mchiyankhulo cha akuluakulu, kwa mwana amene alibe foni ndipo sanayambe kuwerenga bwino, imeneyo si njira kwa iye. Ndikupempha kuti amene anasankhidwa kuyang'anira chitetezo cha ana mu parishi, ndipo zikanakhala bwino atakhala awiri, mayi ndi bambo, aziimikidwa kutsogolo pa Misa ya ana kawirikawiri, ana awaone, amve dzina lawo, auzidwe mmawu osavuta kuti awa mutha kuwauza chilichonse ngakhale chokhudza munthu wamkulu, ngakhale wovala mkanjo, ndipo simudzakalipiridwa. Mawu omalizawo akatuluka pakamwa panu inuyo Bambo Mfumu, pa guwa, amalemera kuposa atanenedwa ndi ine kakhumi.

Za kujambulazi musazisiye, chonde. Ndi njira yabwino kwambiri, makamaka kwa ana amanyazi, ana achibwibwi, ana osamva ndi osayankhula, ana amene mutu wawo umagwira zinthu pang'onopang'ono, amene nthawi zambiri ndi omwe ali pa chiopsezo chachikulu chifukwa wowalakwira amadziwa kuti avutika kufotokoza. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe Vatican inavomereza mu 1990, limati mu ndime 12 mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zonse zomukhudza ndipo maganizowo apatsidwe kulemera koyenera msinkhu wake, ndipo ndime 13 imatchula luso monga kujambula ngati imodzi mwa njira zomwe mwana angafotokozere zakukhosi. Ife mbali yoyamba tachita, tawalola kunena. Mbali yopatsa kulemera ija ndi yomwe yatsala. Kupachika pa bolodi si kumva. Kumva ndi pomwe kamtsikana kaja kadzaone kuti chitseko cha kalasi chasiya kutsekedwa nthawi ya maphunziro, kuti pa chitseko cha ofesi ndi cha sakristiya paikidwa galasi loonekera mkati, ndipo wina nkukauza kuti tachita izi chifukwa cha chithunzi chako chija.

Ulendo wina tidzawapatse mapepala awiri. Loyamba ajambule malo ndi nthawi zomwe amamva bwino, lachiwiri malo ndi nthawi zomwe mtima umagunda, pomwe safuna kupita okha. Kapena tijambule mapu a malo onse a parishi papepala lalikulu, tchalitchi, holo, zimbudzi, poimika magalimoto, kuseri kwa nyumba, geti, iwo aike mtundu umodzi pomwe pali bwino ndi mtundu wina pomwe pamawaopsa. Mudzadabwa zomwe ana amadziwa za malo athu zomwe ife sitiziona chifukwa timadutsapo masana tili ndi msinkhu wathu. Pasakhale mpikisano, pasakhale mphatso, pasakhale kusankha chokongola. Mwana amene sakufuna kulemba dzina asalembe, amene sakufuna kuti chake chipachikidwe chisapachikidwe, ndi chake. Ndipo za kuika nkhope za ana ndi mayina awo pa intaneti popanda kufunsa makolo ndi mwana mwini wake zitheretu, chifukwa sizikugwirizana kuti pa tsiku lokamba za chitetezo tiziuza dziko lonse kuti mwana uyu dzina lake ndi ili ndipo amapezeka pamalo akutiakuti Lamulungu lililonse mmawa. Zomwe zinaikidwa kale zija ndikupempha zichotsedwe.

Koma ndichenjezenso mbali inayi, chifukwa ndamva kale ena akuyamba. Tisasanduke oombeza maula ndi zithunzi za ana. Mwana akagwiritsa ntchito krayoni yakuda sizitanthauza kuti akuzunzidwa, mwina ndi yokhayo yomwe inatsala mbokosi. Akajambula munthu wa manja akuluakulu mwina zala zimangomuvuta kujambula. Ngakhale akatswiri satenga chithunzi chokha ngati umboni wa nkhanza. Tikayamba kumasulira tokha tidzaipitsa mbiri ya anthu osalakwa, ndipo tidzaphonya ana amene akuvutikadi koma ajambula maluwa. Chofunika ndi kukhala pansi, pa msinkhu wake, nkunena kuti tandiuza za chithunzi chako, uyu ndi ndani, apa pakuchitika chiyani, kenako nkutseka pakamwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana amayesa kaye madzi ndi chala, amanena kanthu kakang'ono kuti aone nkhope yako, ukadzidzimuka kapena kumudula mawu amabwerera mchigoba chake ndipo mwina sadzatulukanso.

Nde apa pali pempho langa lalikulu, ndipo likukhudza ndalama ndi nthawi, ndikudziwa. Musatitume kukafunsa ana mafunso amenewa musanatiphunzitse chochita mwana akayankha. Tsiku lija ndi mnyamata uja manja anga amanjenjemera, ndipo inali nkhani ya ndalama ya chopereka chabe. Aphunzitsi a katekisimu, oyang'anira otumikira ku guwa, atsogoleri a kwaya, a Utumiki wa Ana, atsogoleri a miphakati, tonse tikufunika kudziwa zinthu zochepa koma kuzidziwa ngati pemphero la Atate Athu. Kuti mwana akayamba kuulula umamvetsera modekha, sumulonjeza kuti usunga chinsinsi chifukwa lonjezo limenelo sungalisunge, umamuuza kuti wachita bwino kunena ndipo si kulakwa kwake, sumuika mawu mkamwa ndi mafunso ngati anakugwira apa eti, umalemba mawu ake enieni mwamsanga mmene wawanenera, ndipo sukhala wapolisi wofufuza wekha kapena kupita kukafunsa wotchulidwayo. Umapereka nkhaniyo tsiku lomwelo kwa woyenera, ndipo ngati ndi mlandu ipite kwa apolisi ndi a boma oona za ana monga malamulo a dziko akunenera. Isathere mu ofesi ya parishi ndi kupepesana, isathere pa kusamutsa munthu kupita kwina komwe kulinso ana. Njira yokambirana mwakachetechete pofuna kuteteza dzina la mpingo ndi imene inatifikitsa pa manyazi omwe tawaona mmaiko ambiri, ndipo amene analipira mtengo wake ndi ana.

Ndikudziwa kuti ansembe ena abwino amamva kuwawa ndi nkhani zimenezi, amaona ngati aliyense akuwakayikira, mpaka ena ayamba kuthawa ana, safunanso kuima nkucheza nawo Misa ikatha. Zimenezo nazonso zimandimvetsa chisoni chifukwa ana athu amawakonda abambo awo auzimu, muone mmene amathamangira kukapereka moni. Koma galasi pa chitseko ndi lamulo la akuluakulu awiri sizinyoza wansembe wabwino, zimamuteteza iyenso ku mabodza, ndipo zimamupatsa ufulu wocheza ndi ana poyera mtima uli mmalo. Chimodzimodzi ife aphunzitsi. Ine ndine wokonzeka kufufuzidwa mbiri yanga, kusaina fomu iliyonse, kuuzidwa kuti usamalemberane ndi mwana wa kalasi yako pa foni popanda kholo kudziwa. Amene angakwiye ndi malamulo otere ndi amene ayenera kutipatsa maganizo.

Ndipo tisaiwale anyamata. Tikamakamba za chitetezo maso athu amathamangira kwa atsikana, nkoyenera, koma anyamata nawonso amachitiridwa nkhanza ndipo amavutika kwambiri kunena chifukwa anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Otumikira ku guwa amafika mmamawa anthu asanabwere, amatsalira anthu atapita. Mnyamata uja amene anati pamakoma tikakhala ambiri, ine ndikufuna mawu akewo akhale lamulo la sakristiya.

Palinso nkhanza zina zomwe tazizolowera mpaka sitizitchulanso nkhanza. Kukalipira mwana pagulu chifukwa walephera kuloweza pemphero, kumutsina khutu pa Misa, kumuseka chifukwa cha zovala zake, kumuopseza kuti sulandira sakramenti chifukwa makolo ako sanapereke chakutichakuti. Mwana amene amachititsidwa manyazi pa zazing'ono sangabwere kwa ife ndi zazikulu. Agogo osesa aja analowa mu chithunzi osati chifukwa cha udindo, alibe udindo uliwonse wolembedwa, koma chifukwa sanamukalipirepo mwanayo. Ine ndinadzifunsa ngati ndingalowe mu chithunzi cha mwana wa mkalasi mwanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndasintha kayankhulidwe kanga mwana akalakwitsa.

Mu uthenga wabwino wa Marko, ophunzira atakangana za amene ali wamkulu, Yesu anatenga mwana nkumuimika pakati pawo. Sanamuimike pambali kuti akongoletse msonkhano, anamuika pakati pomwe aliyense ayenera kumuyang'ana. Ndipo mawu ake okhudza mwala wa mphero pakhosi pa wolakwitsa mmodzi wa ang'onoang'ono okhulupirira ndi ena mwa mawu olimba kwambiri omwe anayankhulapo. Bungwe la Utumiki wa Ana lomwe episikopi Charles de Forbin-Janson anayambitsa ku France mu 1843 linamangidwa pa chikhulupiriro choti ana atha kuthandiza ana anzawo, kuti iwonso ali ndi chopereka mu mpingo. Chomwe apereka ulendo uno ndi nzeru za mmene tingawasamalire, ndipo azipereka pa mapepala omwe sabata zikubwerazi ayamba kumatuka pa bolodi nkutayidwa.

Wakutsina khutu ndi mnansi, Ambuye, ndipo ine ndine wa mnyumba momwemo, ana anga atatu anabatizidwira mu mpingo uno ndipo wamng'ono ali mgulu lomwe linajambula. Ndikupempha kuti zithunzi zija zisanatsitsidwe, Bambo Mfumu ndi a khonsolo mupeze Lamulungu limodzi Misa ikatha, mubwere muholo, mukhale pa mabenchi a ana, makolo ali chapafupi, mwana aliyense amene akufuna akufotokozereni chithunzi chake, wina azilemba zomwe akunena. Zolembedwazo zikawerengedwe pa msonkhano wotsatira wa khonsolo ngati nkhani yoyamba osati ya kumapeto anthu atatopa, ndipo pakatha miyezi itatu mudzabwerenso kwa anawo kudzawauza zomwe zasintha ndi zomwe sizinatheke ndi chifukwa chake. Ambuye Episikopi, mukamayendera maparishi kudzapereka Ulimbitso, pambali pa mabuku a ubatizo ndi a chuma, muzifunsanso kuti ana a pano ananena chiyani ndipo munachitapo chiyani. Makrayoni otsala ndawasunga mkabati ya kalasi, mapepala a ulendo wachiwiri ndigula ndekha, ndikungodikira tsiku lomwe mutiuze komanso munthu wophunzitsidwa amene adzakhale nafe muholo tsiku limenelo.

Ine mwana wanu mwa Khristu,
Mayi komanso mphunzitsi wa katekisimu